Tifunseni za kompyuta: ndasamutsa Windows yanga pa makina ena koma ikukana kudzuka

Mwezi uno makalata ambiri amene afika ndi a nkhani imodzi, yosamutsa zonse za mu kompyuta yakale kupita mu ina popanda kuyambiranso kuinstola chimodzichimodzi. Ndasankhapo anayi, koma ndakhalitsa pa yoyambayi chifukwa vuto la mayiwa ndalionapo kambirimbiri muno mu Blantyre.

FUNSO: Achimwene zikomo chifukwa cha tsamba lanuli, ine ndimaliwerenga mwezi ndi mwezi olo zina zimandipitirira. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta ku Limbe, timapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, ma CV ndi zina zotero. Kompyuta yanga ndi HP ya patebulo, ndinaigula kalekale ili ndi Windows 7 kenako inadzakwezedwa kufika pa Windows 10, koma masiku ano ikumangozima yokha ikatentha nde ndagula Dell ya kaunjika. Mwana wa achemwali anga anandipangira imeji ya disiki yonse pa ekisiteno, disiki yakunja yolumikiza pa USB, n'kuibwezeretsa mu Dell muja. Poyamba inalemba kuti No boot device found, mnyamatayo anagwiragwira mu BIOS, pano ikumaonetsa kaye chizindikiro cha Windows kenako sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE n'kuyambiranso, choncho basi tsiku lonse. Iye akuti tingofomata tiyambe zatsopano koma ine mtima ukukana, muli mafonti amene ndatolera zaka ndi zaka, matempuleti a makadi, komanso pulogalamu ya maakaunti yomwe amene anandiikira anapita ku Joni ndipo nambala yawo sikugwiranso. Nditani ine?
Mayi wa shopu, Limbe

YANKHO: Mayi, musafomate kaye chonde, ndipo mnyamatayo musamukalipire, mpaka pamene wafikapo wagwira ntchito yabwino. Zinthu zanu zonse zilimo mu Dell imeneyo, mafonti, matempuleti, maakaunti, palibe chasowa. Zili ngati mwasamuka ku Ndirande kupita ku Chilomoni, katundu yense analowetsedwa kale m'nyumba yatsopano mpaka mtondo ndi munsi womwe, koma kiyi ali m'manja mwanuyo ndi wa chitseko cha nyumba yakale ija. Nyumba sitiigwetsa chifukwa cha kiyi.

Imeji imatenga disiki yonse mmene ilili, Windows, mapulogalamu, masetingi, ngakhale timapatishoni tobisika timene kompyuta imayambira pobuta, n'kuziika mu fayilo imodzi yaikulu. Nchifukwa chake imaposa kungokopa mafayilo pa fulashi, pulogalamu yanu ya maakaunti ija mukangokopa foda yake siingatseguke pa kompyuta ina chifukwa mizu yake ina inalowa mkati mwa Windows mwenimwenimo. Koma imeji imanyamulanso zizolowezi za makina akale. Windows yanu inazolowera motherboard ya HP, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, ndi mmene HP imalankhulira ndi disiki, nde yadzuka mu Dell ikuyankhula chilankhulo chakale chomwecho.

Tisanapite patali, disiki ya mu HP muja isakhudzidwe ndi munthu aliyense mpaka Dell itagwira ntchito bwinobwino kwa masabata awiri kapena atatu. Izi ndikunena ndi mtima wonse chifukwa ndinaona ndi maso anga bambo wina wa ku Bangwe atabwera ndi madisiki awiri mu jumbo, amene ankawathandiza anasokoneza posankha pochokera ndi kopita, anakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa imene inali ndi mabuku a bizinesi yawo a zaka zisanu. Bamboyo anakhala pa benchi panja chipewa chili m'manja osayankhula kanthu mpaka ine ndikutseka. Tinapulumutsa zithunzi zochepa chabe. Kuyambira tsiku limenelo disiki yakale ndimaimata pepala ndi selotepi n'kulembapo YAKALE OSAKHUDZA, ndipo pobwezeretsa imeji siikhala yolumikizidwa ku makina ayi, imakhala mu dilowa.

Tsopano uthenga woyamba uja, wa No boot device found. Makompyuta amabuta m'njira ziwiri, yakale imene mu BIOS, masetingi a makina amene mumalowamo Windows isanayambe, amailemba Legacy, ndi yatsopano ya UEFI. Yakaleyo imayenda ndi disiki yogawidwa mwa MBR, yatsopanoyo imafuna GPT. HP yanu poti inabwera ndi Windows 7 mosakayika ndi ya Legacy ndi MBR, pamene Dell inali pa UEFI, nde imayang'ana disiki n'kusaona poyambira. Mnyamata wanu atagwiragwira mu BIOS anayatsa Legacy, chimenecho anakhoza, ndipo muli ndi mwayi kuti Dell yanu ikadali nayo, makina ambiri atsopano anaichotseratu. Amene HP kapena kompyuta ina yakale ikuyakabe ndipo akufuna kudziwa ali pa njira iti, dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani msinfo32, yang'anani mzere wa BIOS Mode, zilembedwa pompo.

Sikirini ya buluuyo ndiye kiyi uja. INACCESSIBLE BOOT DEVICE kutanthauza kuti Windows yayamba kudzuka koma pakati panjira yalephera kuwerenga disiki imene iyo yomwe yakhalapo, chifukwa dalaivala amene yanyamula, kapulogalamu kolankhulitsa Windows ndi disiki, si wa makina amenewo. Pa njira yolankhulira ndi disiki, ma Dell ambiri amachoka ku fakitale ali pa RAID On, pamene makina ena ambiri amakhala pa AHCI, ena akale kwambiri pa IDE. Nde chitani izi, yatsani Dell muzidina F2 mpaka mulowe mu BIOS, fufuzani pamene palembedwa SATA Operation, ngati pali RAID On sinthani pakhale AHCI, sevani, muyatsenso. Anthu ambiri nkhani imathera pomwepa, mphindi ziwiri basi, ndalama osatulutsa.

Ikakanabe musataye mtima. Isiyeni ilephere kubuta kawiri katatu motsatizana, yokha idzakutengerani ku sikirini yokonzera, pamenepo sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, kenako Startup Settings, ikayambiranso dinani 4 kuti ilowe mu Safe Mode. Mu Safe Mode Windows imayesa madalaivala a disiki amene ili nawo kale m'thumba, ikapeza wogwirizana ndi Dell imamugwiritsitsa, mukazimitsa n'kuyatsa mwanthawi zonse imalowa. Ulendo woyamba imachedwa kwambiri, imalemba kuti Getting devices ready ndipo pena imayambiranso yokha, musaizimitse poganiza kuti yafiriza, pitani mukaphike tiyi. Windows 10 ndi 11 pa nkhani imeneyi zimayesetsa ndithu, sizili ngati XP ija imene kungosintha motherboard imagona osadzukanso.

Zonsezi zikalephera mpamene timafuna pulogalamu yodziwa kulowetsa dalaivala mu Windows yomwe sikubuta. Simunandiuze kuti imeji anapangira pulogalamu yanji ndipo apa pali kusiyana. Clonezilla, ya ulere yopangidwa ku Taiwan, ndi Rescuezilla imene ndi yosavuta poti mumayendetsa ndi mausi, zimakopa mokhulupirika koma zimakubwezerani disiki mmene inalili, za madalaivala sizikhudza. Macrium Reflect ili ndi chida chotchedwa ReDeploy cha ntchito yomweyi koma chili mu yolipira, ndipo ya ulere ija kampaniyo inasiya kuisamalira kumayambiriro kwa 2024 olo anthu ambiri muno akadali nayo pa mafulashi. Acronis chawo amachitcha Universal Restore, nachonso ncholipira. Ine kwa munthu amene alibe khadi yogulira zinthu pa intaneti ndimamulozera ku Veeam Agent for Microsoft Windows, ili ndi ya ulere, ndipo fulashi yake yobutira imalola kuwonjezera madalaivala pobwezeretsa. Kungoti imeji yopangidwa ndi pulogalamu ina siitseguka ndi Veeam, nde mukasankha Veeam mudzayenera kupanga imeji yatsopano kuchokera ku HP ija isanafe. Itsegulireni chivundikiro, muipopere fumbi, muyatse fani pambali pake, ipirire ola limodzi kapena awiri amenewo.

Za magetsi mukuzidziwa kale mmene zimakhalira nyengo zina. Akazima muli mkati mobwezeretsa, disiki ya Dell imatsala theka koma si tsoka, mumangoyambiranso, bola imeji ili pa ekisiteno ili bwino. Choopsa ndi akazima pamene mukupanga imejiyo, fayilo imaoneka ngati ilipo koma ndi yoduka. Mapulogalamu amenewa amakhala ndi posankha kuti aunike imeji ikatha, Verify kapena Check image, anthu amadumpha poti zimachedwetsa, inu musadumphe. Ngati muli ndi UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta yoyaka magetsi akazima, lumikizani, ngati mulibe bwerekani kwa aneba a shopu tsiku limenelo.

Dell ikadzuka ntchito siinathe. Intaneti mwina siigwira chifukwa dalaivala wa netiweki ndi wina, nde dawunilodanitu pa webusaiti ya Dell ndi foni kapena kompyuta ina, mulembe Service Tag ili pa sitika ya makinawo ikupatsani zoyenera, muike pa fulashi. Timapulogalamu ta HP timene tinabwera ndi makina akale muchotse, koma samalani musachotse dalaivala wa pulinta ngati pulinta yanunso ndi HP. Kenako tsegulani pulogalamu ya maakaunti muone ngati sikupempha layisensi, ena mwa mapulogalamu amenewa amamangirira layisensi ku makina ndipo akaona motherboard yachilendo amatseka. Zikatero ndiye chifukwa chinanso chosungira HP ija, muzitha kutulutsamo malipoti anu pamene mukufufuza eni pulogalamuyo.

Ngati mwadziwa kuti mukhala ndi Dell imeneyi nthawi yaitali, mudzaisinthe kupita ku UEFI. Windows 10 kuyambira mu 2017 ili ndi chida chake chotchedwa mbr2gpt chimene chimasintha disiki osafufuta kanthu, mumayamba ndi mbr2gpt /validate /allowFullOS kuti muone ngati ikuvomera, kenako mbr2gpt /convert /allowFullOS, n'kubwerera mu BIOS kusankha UEFI. Chimakana ngati mapatishoni akuluakulu apitirira atatu. Izi muchitire pa Dell, osati pa HP. Ndikutchula zimenezi chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna UEFI, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo purosesa ikakhala ya Intel nthawi zambiri imafuna yoyambira 8th gen kupita mtsogolo.

Ndinene chilungamo, munthu amene mu kompyuta yake muli Word, Chrome ndi nyimbo basi ine ndimamuuza kuti instolani yatsopano mukopere mafayilo, imayenda mopepuka ndipo simusamutsa zinyalala za zaka khumi. Mnyamata wanu maganizo ake si olakwika. Koma kwa inu mayi, ndi pulogalamu yoti woiika sakupezekanso, njira ya imeji ndi imene ikuyenera.

FUNSO: Ankolo ine zanga zatheka bhobho, ndachotsa imeji pa laputopu yanga yakale ya Lenovo kuika pa HP ndipo ikubuta, koma pakona pa sikirini palembedwa Activate Windows pamene pa Lenovo inali jenuwini. Mnzanga wa ku hostel akuti ali ndi kapulogalamu kochotsa zimenezo mphindi imodzi. Ndikaike?
Wophunzira, Chichiri

YANKHO: Mphwanga usakaike. Timapulogalamu timeneto timayamba n'kukuuza kuti uzimitse antivayirasi, ndipo ambiri amene amabwera kwa ine akaunti ya Facebook kapena imelo itabedwa ndikafufuza ndimapeza anaikapo zoterozo. Uthengawo sukuopseza mafayilo ako, Windows igwirabe ntchito, kungoti sikulola kusintha zithunzi zapambuyo ndi mitundu ya pa sikirini mpaka itavomerezedwa, nde usapupulume.

Chachitika nchoti layisensi imene inabwera ndi Lenovo kuchokera ku fakitale ndi ya makina amenewo, siisamuka, imatsala komweko. Koma HP yakoyo nayonso mwina ili ndi yake. Kuyambira pa Windows 8 makampani anasiya kumata sitika ya kiyi pansi pa laputopu, kiyi amamuika mkati mwa motherboard. Lumikiza intaneti, pa Windows 10 pita ku Settings, Update & Security, Activation, dina Troubleshoot, kawirikawiri imadzipezera yokha. Ikakana nthawi zambiri vuto ndi mtundu, imeji yako ndi ya Home pamene HP ili ndi layisensi ya Pro, kapena mosemphanitsa. Makina a kaunjika ochokera m'maofesi a kunja ambiri amakhala a Pro. Kuti uone kiyi wa m'makinamo tsegula Command Prompt ulembe wmic path softwarelicensingservice get OA3xOriginalProductKey, pa Windows 10 zimagwira. Kukwera kuchoka pa Home kupita pa Pro kumatheka osataya kanthu, koma kutsika kuchoka pa Pro kupita pa Home kumafuna kuinstola mwatsopano. Ngati Windows unachita kugula payokha ndipo inalumikizidwa ku akaunti yako ya Microsoft, mu Troubleshoot momwemo muli mawu akuti I changed hardware on this device recently, dina pamenepo ulowe ndi akauntiyo. Microsoft Office nayo mwina ikufunsa zomwezo, ukonzekere.

FUNSO: Laputopu yanga inapsa tsiku lija kunagwa chimvula cha ziphaliwali, siyakanso. Tekinishani anatulutsa disiki n'kuikopera ndi Clonezilla mu laputopu ina imene ndabwereka kwa mlamu wanga, koma ikumabwera sikirini ya buluu yofuna BitLocker recovery key. Ine sindinaikepo chinthu chimenechi ndipo sindikuchidziwa. Muli malipoti onse a gulu lathu la banki m'khonde ndi zithunzi za malemu amayi anga. Chonde thandizeni.
Mayi wodandaula, Zingwangwa

YANKHO: Pepani achemwali, ndipo pepani za amayi. Sindikunamizani, vuto lanu ndi lolemera kuposa enawa, koma njira ziwiri zilipo.

BitLocker ndi loko amene Windows imakhoma pa disiki kuti wakuba akaitulutsa asawerenge kanthu. Malaputopu ambiri atsopano amadzikhomera okha munthu akangolowa ndi akaunti ya Microsoft tsiku loyamba, nchifukwa chake simukukumbuka kuti munaika. Chotsegulira chake chimakhala mu kachipangizo ka TPM ka pa motherboard ya laputopu yanu ija, nde disiki ikapita pa makina ena imafuna kiyi wapadera wa manambala 48. Clonezilla yakopa disiki ili yokhoma chomwecho, tekinishani sanalakwitse.

Tengani foni mupite pa account.microsoft.com/devices/recoverykey mulowe ndi imelo imene munagwiritsa ntchito pa laputopuyo, kaya ya Outlook, kaya Hotmail, kaya Gmail imene munailembetsa ku Microsoft. Yesani maimelo onse, ngakhale a mwana kapena m'bale amene anakuthandizani kuiyatsa ili yatsopano, kiyi amapita ku akaunti ya amene analowa koyamba. Pa sikirini ya buluuyo pali Key ID, fananizani zilembo zoyambirira ndi zimene mupeze pa akaunti kuti musalembe wa makina ena. Ngati laputopuyo inachokera ku ntchito, kiyi ali ndi a IT a kumeneko.

Kiyi akasowa, laputopu yakupsayo musaitaye ndipo musalole kuti aigulitse masipeya. Kawirikawiri chimene chimapsa ndi mbali yolandira magetsi a chaja, TPM imakhala ili bwino. Munthu wodziwa kuwotcherera pa motherboard akaidzutsa olo kwa ola limodzi, mubwezeremo disiki yake yeniyeni ija, imatseguka yokha ngati kale, mukopere zithunzi ndi malipoti pompo musanachite china chilichonse. Amene angakuuzeni kuti ali ndi pulogalamu yothyola BitLocker popanda kiyi akungofuna ndalama zanu, musamupatse.

Enanu amene makina anu akuyakabe, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe manage-bde -status muone ngati disiki yanu ndi yokhoma. Ngati ndi choncho pezani manambala 48 amenewo lero, muwalembe ndi bolopeni mu kope limene mumasunga makadi a ku sikelo ndi masatifiketi.

FUNSO: Bwana, pa galaja pathu tili ndi laputopu ya Windows 7 imene ili ndi pulogalamu yoyezera magalimoto, mahinji athyoka ndipo batire inafa kalekale. Tagula laputopu yatsopano ya mu bokosi. Imeji ingagwire pamenepa?
Makaniko, Ndirande

YANKHO: Achimwene, molunjika pa makina atsopanowo ayi, musavutike nazo. Windows 7 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020, payokha siidziwa USB 3.0 kapena ma SSD a NVMe amene ali m'malaputopu a masiku ano, ndipo mapurosesa a Intel kuyambira 7th gen sanapangidwire iyo. Olo itabuta mwamwayi mudzapeza madoko a USB ali zii, ndipo chingwe chanu choyezera chimadalira USB yomweyo.

Chimene chimatheka ndi kuiika Windows 7 yanuyo mkati mwa Windows yatsopano ngati kompyuta yongoyerekeza. Pali kachida ka ulere ka Microsoft kotchedwa Disk2vhd, mumakayendetsa pa laputopu yakale n'kusandutsa disiki yonse kukhala fayilo, muchotse chongi pa VHDX kuti ituluke VHD, kenako pa yatsopano muike VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yongoyerekezayo, nayo ndi ya ulere, mutsegule fayilo ija. Chingwe choyezera mumachiuza VirtualBox kuti ichipereke ku Windows 7 ya mkatimo. Zingwe zina zimavomera zina zimadukaduka, nde muyese kaye pa galimoto ya pagalaja pomwepo, osayambira pa ya kasitomala, makamaka ngati mukulemba zinthu mu kompyuta ya galimoto, kuduka pakati pamenepo kumaononga.

Koma ndikanakhala ine ndikanachita zophweka. Tembenuzani laputopu yakaleyo muwerenge modelo yake pa sitika, muzungulire m'mashopu a kaunjika ku Limbe ndi m'tauni mupeze ina ya modelo yomweyo. Pa makina ofanana imeji imalowa osafunsa dalaivala aliyense, pena mumangosolola disiki n'kuisomeka mu inayo basi. Panganitu imeji sabata ino laputopuyo ikuyakabe, muisunge pa ekisiteno imene sikhala pagalaja pamene pali oyilo ndi fumbi, ndipo Windows 7 imeneyo musamailumikize pa intaneti. Yatsopano ya mu bokosiyo ikhale yolembera makotesheni ndi ma invoice.